Njovu Panjira ya Amake Tisa

Lachiwiri, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Amake Tisa, amene amakanda fulawa pabekari yanga, afika dzuwa litakwera, mwana ali kumsana. Anakumana ndi njovu mbandakucha pochokera kumudzi, nabisala mpaka zitadutsa.

Mlamu wanga wowotcha mabanzi akuti, "Ndiye vuto la akazi limeneli, alamu. Lembani mwamuna wa njinga."

Kodi njovu imaopa njinga? Ndamuuza kuti kuyambira mailo, Lachitatu, tonse tiziyamba ntchito kunja kutayera, mabanzi azituluka mochedwa. Akuti amalonda owolokera ku Zumbo azikagula kwina.

Mwina aterodi. Koma kasitomala amabwerera, wopondedwa ndi njovu sabwerera. Mlamu akafuna kuchoka achoke, uvuni ndiziyatsa ndekha.