Khoma la M'kanema Linagwedezeka

Kawale, Lilongwe
14 Julayi 1975

Wokondedwa mlongo wanga Dinah,

Landira moni wochokera ku likulu, iwe wa ku Zomba kumene kwatsala nkhungu ndi anyani okhaokha. Muli bwanji kumeneko ndi alamu, ndi kamwana kako kamakutu ngati anga? Ine ndili bwino, wonenepa, wokongola monga mwa masiku onse. Theka la City Centre ndamanga ndi manja awiriwa, enawo amangondipatsira njerwa.

Nkhani ndi iyi. Loweruka lina masana ndinatenga Jenifa, chibwenzi changa chija unachiona pa Khirisimasi, kupita naye ku kanema ku Old Town. Akuonetsa nkhani ya m'buku lija unkaloweza ku sekondale mpaka kulira, la mwana wamkazi wa mfumu amene amuna awiri amamulimbirana.

Pakhomo tinakumana ndi Felton, kalaliki wa ku Rumphi amene wasamuka ndi maofesi kuchokera kwanuko. Amapemphera tchalitchi chimodzi ndi Jenifa. Anati bukulo analiwerenga kawiri, basi n'kudzikhazika kumanzere kwa Jenifa ngati mpandowo anamusiyira agogo ake.

Mlongo wanga, azungu opanga kanemayo anasankha osewera ali m'tulo. Amene mtsikanayo amamukonda ndi kamunthu kowonda, miyendo ngati masipoko a njinga, khosi ngati la kakowa, tsitsi mpaka m'mapewa. Kuno apolisi akanakameta kasanatsike n'komwe ndege. Munthu wa Mulungu angafere zimenezo? Koma mnzake uja, mkulu wa asilikali, ee! Chifuwa ngati chitseko cha banki, akaseka mipando yathu kunjenjemera. Mahatchi okha ndiye anasankha bwino, onenepa kuposa kamkamwini kaja.

Jenifa anandinong'oneza kuti wachifuwayo ndi ine ndendende. Ndinatupa ngati finye.

Chizungu chawo n'chakale, chothamanga. Ine ndimamva ndithu, koma makina awo ankalira. Felton ndiye ankamasulira, pakamwa pake pafupi ndi khutu la Jenifa moti ngakhale udzudzu sukanadutsa pakati.

Chakumapeto mtsikana uja anathamangira m'chipinda chapamwamba n'kumenyetsa chitseko. Khoma lonse la nyumba yachifumu linagwedezeka! Zaka khumi ndi ziwiri ndili pa njerwa, ndikanakhala chete bwanji? Ndinaimirira n'kufuula kuti imeneyo si miyala koma matabwa opaka utoto, amene anamanga achotsedwe ntchito lero lomwe. Holo yonse inafa ndi phwete. Ndikanadziwa bwanji kuti mtsikanayo akupita kukadziponya pawindo? Pokhala pansi ndinapeza Jenifa akulira, nkhope atatembenuzira kumanzere.

Panjira anangondiuza mawu amodzi, akuti Felton amaona mtima wa nkhani, ine ndimaona simenti.

Tsono izi usauze munthu. Ndabwererako kawiri ndekha, foromani ndinamuuza kuti dzino likundiwawa. Ulendo womaliza ndinasiya makoma, ndinayang'ana anthu. Dinah, pamene wachifuwa uja amagwada kwa mfumu, ine ndinkayesa akupereka lipoti la ntchito. Ayi ndithu! Ankanamizira kowonda kaja mlandu kuti kaphedwe. Maliro onse aja anayambitsa ndi iyeyo, chifukwa cha nsanje.

Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, chifukwa Lamlungu lapitalo ndinali nditafika mpaka pakhomo la tchalitchi chawo kuti ndikauze akulu ampingo kuti Felton amamwa kachasu. Sindinamuonepo ngakhale ndi thobwa. Chinandibweza si ulemu ayi, n'chakuti ndinalibe tayi.

Ndiye ndiuze, iwe wophunzira: Jenifa ponena kuti ndine ndendende, ankanena chifuwa kapena zinazo?

Loweruka likudzali akuonetsa komaliza, ndipo Felton wamuitana Jenifa kuti akamumasulire bwinobwino popanda phokoso. Phokosolo akunena ine. Jenifa sanavomere, koma sanakanenso. Iwe amakumvera. Chonde mulembere ndi basi ya mawa, usadikire positi. Ulemberenso amalume a Benedicto abwere msanga tiyambe za chinkhoswe, asadikire kuti malonda a fodya athe.

Umuuze Jenifa kuti ndinalakwa kufuula. Kuti khomalo linali labodza ndiye sindibweza, koma ndinalakwa nthawi. Umuuzenso kuti kwa akulu ampingo sindipitako, ngakhale atandibwereka tayi.

Kanyumba kathu ka ku Area 25 ndakafikitsa pa mawindo, chitseko ndaika dzulo. Jenifa abwere adzachimenyetse mmene angathere, ine ndidzakhala duu osayankhula. Khomalo likagwedezeka ngakhale pang'ono, apite ndi Felton wakeyo, ndipo ndidzawamangira nyumba yaulere.

Upereke moni kwa alamu ndi apongozi ako. Mulungu akusungeni nonse m'nkhungu yanuyo.

Ndine mlongo wako,
Jobu, mmisiri wamkulu wa likulu lonse