Tai Ziwiri za Chinkhoswe cha Naoya

Lachiwiri, 22 Ogasiti

Woyamba kundiuza ndi Tomeko wogulitsa tofu, amene nkhani imamupeza wailesi isanadzuke. Akuti madzi aja asunga m'mathanki chiphulikireni fakitale ya nyukiliya ayamba kuwathira m'nyanja Lachinayi. Akuti awasefa, awasungunula, alibe vuto. Chaka chija cha chivomezi ankatinso mafunde sangalumphe khoma la kugombe.

Ndiye Lamulungu lomweli tikupita kumapiri kwa a Igarashi, alimi a mapichesi, chinkhoswe cha mdzukulu wanga Naoya ndi Chizuru wawo. Kwathu mwamuna amanyamula nsomba ziwiri zofiira zotchedwa tai, zogwidwa ndi boti la pakhomo. Tomeko akuti, "Anthu a mapichesi aja adzalandira nsomba zanuzo?" Ndati iwe samala tofu wako akuwawasa.

Lachinayi, 24

Atsegula mathanki aja. Nyanja ikuoneka momwe ija. N'chimene chikundivuta.

Naoya amalankhula pafoni m'galimoto, magalasi otseka, kutentha konseku.

Lachisanu, 25

Mwana wanga Katsuji, bambo ake a Naoya, wabwera nazo tai ziwiri, zofiira ngati zapakidwa utoto. Zinzake aziyeza kudoko pamakina ofufuza poizoni wa nyukiliya, sanapeze kanthu. Makinawo ndimawakhulupirira theka. Theka linalo ndadya madzulo ndi mpunga, ndili moyo.

Loweruka, 26

M'firiji ya kushedi ndapezamo tai zina ziwiri. Zoderako, michira yobuntha, zoweta m'makola kum'mwera uko. Papulasitiki patsala zomata pomwe munthu wakanda pepala la sitolo ndi chikhadabo.

Ndamuitana mwini chikhadabo, Naoya.

"Wakutuma ndani, mayi ake a mtsikana?"

"Palibe, agogo. Sananene chilichonse."

"Nanga?"

"Kusanenako."

Ndati mwanawe, mtsikanayu akubwera kudzadya za boti la bambo ako mpaka imvi. Udzakhala ukukanda mapepala mpaka liti? Wangoyang'ana zala zakumapazi. Katsuji sindinamuuze. Koma mayi uja ndikumukayikirabe. Tsiku lija anabwera kuno anangomwa tiyi, nsomba osakhudza.

Lamulungu, 27

Njira yonse sindinadziwe zomwe zili m'bokosi. Atatsegula, zofiira. Naoya wagwada n'kunena yekha, "Izi agwira bambo Lachisanu, kunyanja kwathu."

Bambo Igarashi awerama, athokoza bwinobwino. Mayi anyamula bokosi atatambasula manja, ngati muli njoka. Kapena limangolemera, kaya. Atipatsa nyama ya ng'ombe ndi mapichesi. Nsomba sitinazionenso, ndipo za tsiku la ukwati akuti tikambirana.

Ndinaona mphaka wonenepa pakhonde. Sindinamukonde.

Lolemba, 28

M'mawa ndikuchapa, foni. Bambo Igarashi.

"Agogo, pepani kukuvutitsani. Imodzi ija tamaliza ine ndi Chizuru usiku. Koma mutu watikanika. Mumautani?"

"Inayo ili kuti?"

"Ili m'firiji." Atsokomola. "Mayi akuti aiganizire kaye."

Ndati mutuwo muuwaze pakati, muuthire madzi owira achotse mamba, kenako mumphika ndi sosi wa soya, mowa wa sake, jinja ndi shuga. Diso musataye, ndiye pokoma. Amvekere eya, eya, ngati munthu amene sanagwirepo mphika chibadwire.

Kenako chapatali, kumbuyo kwawoko, mawu a Mayi Igarashi:

"Bambo, afunseni. Shugayo wochuluka bwanji?"