Wotchi ya M'kontena

Lachitatu, 26 Febuluwale

Andipatsa! Akomiti ya mzikiti wathu pano pa boma avomera kuti ntchito ya mameseji ndiigwire ineyo. Mwezi wonse wa Ramadani, dzuwa likalowa, mafoni a anthu athu akumidzi azilira kuti yakwana nthawi yomasula. Chaka chino mitambo yanyanya, dzuwa silikuoneka, ndipo okhala kutali ndi mzikiti azana, kuitanira mapemphero kuja, saimva.

A Sadik, apampando, amafuna mphwawo wa ku Blantyre. Ati za makompyuta n'zachimuna. Ababa anachita kuchokera ku Chowe pa kabaza kudzangonena kuti, "Safia ndinamuphunzitsa ndine. Akalephera mudzandifunse ineyo." A Sadik ati chabwino, koma zikakanika masiku awiri oyamba aitana mphwawoyo.

Zida zanga: laputopu yakale ya muofesi ndi kamodemu kolowetsa simu khadi. Basi.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Ndafufuta zonse za m'laputopu, ndaikamo Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Laputopuyo ikulira ngati chigayo koma ikuyenda.

Docker, pulogalamu yoyendetsa makontena, walowa bwinobwino. Ndikati ndiyambe ntchito, akundikana, ati ndilibe chilolezo. Pa kompyuta yoti ndaikonza ndekha! Ndinamuimbira Thandi, mnzanga wa ku koleji. Anayamba waseka kaye, mfiti ameneyu. "Iwe, dzilembe m'gulu la docker, utuluke, ulowenso." Zoonadi, chitseko chinatseguka.

A Sadik anasuzumira, manja kumbuyo. Ati kontena yomwe ndikuitchulatchulayo n'chiyani? Ndinawauza kuti pulogalamu imatsekeredwa m'kabokosi kakekake pamodzi ndi zonse zimene ikufuna, kuti zakunja zisaisokoneze. Anangoti "Ehe," n'kutuluka.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Netiweki ya lero Mulungu aikhululukire. Kudawuniloda kwaduka katatu. Kachinayi kali pafupi kutha, magetsi thii! Sindinatukwane poti ndi Lachisanu.

Atayaka ndinamaliza, n'kuiuza kontena kuti magetsi akamabwera izidzuka yokha. Sindingamagone muofesi ngati mlonda.

Loweruka, 1 Malichi

M'mawa wonse kontena sinkaiona modemu. Ili pomwepo, kanyali kakuphethira, koma ayi. Kani uyenera kuilozera ndi chala m'fayilo kuti nayi, tenga. Chamwano chinthuchi.

Ndalowetsa manambala onse ndi nthawi za Magharibi, polowa dzuwa, za mwezi wathunthu, kuchokera papepala la a Shehe. Kenako ndinadina kuti itumize meseji yoyesera pompopompo. Foni yanga inalira! Ya Ababa nayonso, moti anandiimbira akufuula ngati ndili kutsidya kwa Shire: "Yafika! Yalemba dzina la mzikiti!"

Mwezi waoneka. Mawa tiyamba kufunga, kusala kudya. Ine ndiye ndikuyenda monyang'wa.

Lamulungu, 2 Malichi

Ndachita manyazi oti sindinawaonepo chibadwire.

6:01 inakwana, foni zii. Azana inamveka, ndinamwa madzi maso ali pafoni. Zii. Ndinathamangira kuofesi, kontena ikuyenda bwinobwino, siikudandaula kanthu. 8:01 ndi pomwe mafoni analira: "Yakwana nthawi yomasula." Anthu atatsuka kale mbale!

Chimene chandipweteka ndi chomwe andiuza Amayi. Ati Ababa anaitana aneba onse pakhonde, foni anaiika pakati pa mkeka kuti aliyense aone ikalira. Kutada, anthu anamasula n'kumapita mmodzimmodzi, ena akuseka chamumtima. Ababa anakana ngakhale madzi. "Ikubwera. Mwana wanga sanama." Munthu wa BP, maola awiri, kapu ili pambali. Italira anamwa, n'kuwauza Amayi kuti foni yawoyo ndiyo yakalamba.

Ndalira.

Lolemba, 3 Malichi

Ndalawirira kuofesi. Wotchi ya pakhoma 8:10, ya laputopu 8:10. Ndinalowa m'kati mwa kontena n'kuifunsa nthawi: 6:10. Haa! Kani kabokosiko kali ndi wotchi yakeyake, ndipo ukapanda kukauza komwe kali kamatsata ya UTC, yotsalira maola awiri pa yathu. Loweruka lija ndinatumiza ndi dzanja, ndiye wotchiyo sindinaiyese n'komwe. Kunyang'wa konse kuja!

Mankhwala ake mzere umodzi: TZ=Africa/Blantyre. Ndinazimitsa kontena, n'kuidzutsanso, n'kuifunsanso. 8:26, ndendende. Ndinaitcheranso kuti inditumizire ine ndekha 12:30, ndipo inatumiza. Komabe mtima sukukhazikika.

Thandi akuti ndingonena kuti inali netiweki, ndani angatsutse? Ndinatsala pang'ono. Koma Ababa ainamizira kale foni yawo chifukwa cha ine, ndiye ndiwonjezerenso bodza, ndili chifungire? A Sadik atabwera ndinawauza kuti cholakwa n'changa, ndipo ndakonza. "Lero ndi tsiku lachiwiri, mwana wa a Atumani. Mphwanga wamva kale."

Madzulo

Mvula inayamba cha m'ma 5. Ndinakhala muofesi, laputopu pamiyendo. A Sadik anakhala pabenchi la pakhomo, ati akuusa mvula, chonsecho ambulera ali nayo m'manja.

5:58. 5:59.

6:00 foni ya a Sadik inalira m'thumba la mkanjo, azana ikuyambika kumene. Anaitulutsa, anaiwerenga motalikitsa dzanja, anaibweza. Kenako anatulutsa tende ziwiri, zipatso zomasulira zija, m'kapepala, imodzi n'kuiika pa tebulo langa.

Ndisanaitole, Ababa pafoni. Kumbuyo phokoso la anthu, kani aneba aja anawaitananso.

"Ababa, dzulo lija ndinalakwitsa ndine, si foni yanu..."

"Yafika," anatero, m'kamwa muli chakudya. "Iwe wamasula?"

"Ayi."

"Ndiye ukudikira meseji ya ndani? Tamwa madzi, usandichedwetse, ndikudya."