Baga ya chizi yandidanitsa ndi apongozi

Aphungu,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mtakataka. Ndikulemba kalatayi mutu uli wotentha, chifukwa ndapalamula mlandu pa chinthu chimene ndinkayesa kuti anthu andiombera nacho m'manja. Mlandu wake ndi wodyetsa anthu nyama. Nyamatu, Aphungu, osati tameki.

Chikwatirireni Bernadeta ndakhala pachikamwini kwawo, ndipo tili ndi mwana mmodzi, Abigail. Kwathu ndi ku Golomoti. Ndimalima mpunga ku Bwanje, ndipo chaka chatha ndinamaliza kumanga nyumba ya malata kumudzi kwathuko. Chimene mtima wanga ukufuna n'chakuti ndipemphe chitengwa, mkazi wanga ndi mwana ndikakhale nawo m'nyumba imeneyo. Ankhoswe anga anali atayamba kale kuinong'oneza nkhaniyi kwa malume ake a Bernadeta, a Laisoni. A Laisoniwo anati iwo alibe vuto, bola avomere ndi mlongo wawo, amene ndi apongozi anga, aNangondo.

Apa m'pamene nzeru za ku Lilongwe zinandilowa. Nditapita ku maphunziro a aphunzitsi mumzindamo, ndinadya baga ya chizi: banzi lodula pakati, m'kati mwake nyama yogaya yowotcha, chizi chosungunuka pamwamba, tomato ndi anyezi. Ndinanyambita zala, sindinama. Ndinati mumtima, izi ndikawawotchera apongozi adzadziwa kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinaonera makanema a kaphikidwe kake pa foni mpaka bandulo inatha.

Mkazi wanga nditamuuza anapukusa mutu. Anati, "Bambo a Abigail, zimenezi muchite ndi anzanu, amayi musawaikemo. Ngati mukufuna kuwasangalatsa, ndipatseni nkhuku ndiwaphikire." Ine ndinayankha kuti nkhuku akhala akudya chibadwire, nkhuku siingadabwitse munthu.

Loweruka lina ndinalawirira ku Salima kukagula nyama yogaya, chizi ndi mabanzi. Ndinabwera nazo pa minibasi nditazifukata ngati khanda, kuopa dzuwa la kuno. Ndinayatsa makala m'mbaula pansi pa mtengo wa mango, n'kuika waya pamwamba, n'kundandalika mipando mozungulira. Ndinaitana apongozi, a Laisoni, azilamu anga, ndi aphunzitsi anzanga awiri, Trust ndi Mayeso. Onse atafika ndinalengeza kuti lero palibe zoti amayi pamphasa uko, abambo pamipando uku. Ndinati tonse tikhala malo amodzi, aliyense adye momasuka ngati mmene amachitira m'tauni.

Mavuto anayambira pa nyama. Ine ndili kalikiliki kukupiza moto, mlamu wanga anatenga nyama yogaya ija n'kukaitsuka m'beseni, ati nyama saphika yosatsuka. Pobwera nayo inali phala lokhalokha. Zoyamba zimene ndinaumba zinangodutsa m'mabowo a waya n'kugwera m'makala, utsi tolo! Utsiwo unaitana mudzi wonse, anthu n'kumasuzumira pampanda ngati pagwa ngozi. Thukuta lili kamukamu ndinafinya nyama yotsalayo, ndinaswerapo mazira, ndinafikisiramo banzi, mpaka inagwirana. Zachiwirizo zinapsa bwino, Aphungu, fungo lake lokha munthu ukanameza malovu.

Yokongola kuposa zonse ndinasankhira apongozi. Ndinasanja nyama ziwiri, chizi pakati ndi pamwamba, tomato, anyezi, kabichi pang'ono, mpaka inatalika ndithu. Ndinaiika pa mbale ya pepala, ndinayenda ndekha kukawapatsa m'manja. Ndinati, "Amayi, lumani ikadali yotentha, chizi chisanaume. Muigwire ndi manja awiri, muyasame kwambiri kuti ilowe yonse." Kenako ndinaima pomwepo kudikira kuti ndimve ngati yakoma. Naye Trust anadzutsa foni yake kuti ajambule.

Apongozi anayang'ana baga ija, anayang'ana pansi, anaivundikira ndi nsonga ya chitenje. Ananena motsitsa mawu kuti, "Zikomo bambo, ndikadyera kunyumba." Anadzuka n'kumapita. Amayi ena onse anawatsatira mmodzimmodzi, womaliza anali Bernadeta, amene anandiponyera diso limene sindidzaliiwala. A Laisoni anatsala pang'ono. Anaphwasula baga yawo, anadya nyama yokha, chizi anaponyera galu, banzi anaika m'thumba la jekete ati amwera tiyi. Anandifunsa ngati ng'ombe za ku Salima zilibe mafupa, kenako anachoka osatsanzika. Ndinatsala ndi Trust ndi Mayeso, amene anadya mpaka kumasula malamba.

M'mawa mwake ndinamva kuti baga ija apongozi anagawira adzukulu, iwo sanailawe n'komwe. Kumjigo akuuza amayi anzawo kuti mkamwini wawo amafuna kuwawerenga mano pagulu. Kanema uja Trust anamuponya pa gulu lathu la aphunzitsi la pa foni, ndipo wafika kale kwa mlamu wanga. A Laisoni atumiza mawu kwa ankhoswe anga kuti nkhani ya chitengwa iyambe yaima. Mkazi wanga akungondiyankha kuti "eya" ndi "ayi", basi.

Tsono Aphungu, ndipepese chiyani? Ndinawapatsa chakudya chabwino kuposa cha aliyense, ndi manja anga, ndi mtima woyera. Awa ndi anthu opemphera, Lamulungu lililonse ali ku Misa ku Mua, ana awo anawaphunzitsa sukulu. Zoti munthu sangalume banzi pamaso pa mkamwini, masiku ano? Zanditopetsa zedi. Ndikuganiza zokonza phwando lina, poti tsopano kuphikako ndakudziwa, kuti alawe aone chimene anakana. Nditamuuza mkazi wanga anangoseka chiseko choipa n'kutuluka panja. Nyumba yanga ku Golomoti ikungokhala yokha, mileme yayamba kulowamo. Ndithandizeni.

B.T., Mtakataka

*

Bambo B.T.,

Phwando lachiwirilo liiwaleni. Zimitsani mbaulayo, khalani pansi, mumve.

Kalata yanu yandiseketsa, koma yanditopetsanso. Mwakhala pachikamwini nthawi yonseyi. Kodi munawaonapo apongozi anu akutafuna ngakhale mtedza inu muli pomwepo? Simunawaonepo, ndipo simunadzifunse chifukwa chake. Mayi ameneyo wakhala akubisa kamwa lake kwa inu chaka ndi chaka pokupatsani ulemu. Inu tsiku limodzi mwamukhazika pakati pa amuna, mwamuimirira pamutu, mwamulamula kuti ayasame, mnzanu atamuloza ndi foni. Ndiye mukundifunsa kuti mupepese chiyani? Abale inu, mphunzitsi wathunthu!

Mtima wanu unali wabwino, zimenezo sindikutsutsa. Nayo baga sinalakwe. Chinalakwika n'chakuti phwando lija munakonzera inuyo, kuti akutameni, osati apongozi kuti adye. Mkazi wanu anakuchenjezani m'mawu osavuta kumva, inu n'kukhulupirira foni kuposa munthu amene anabadwa kwa mayiyo. Safunsa anadya phula, koma inu mwaposa, chifukwa munauzidwa musanafunse n'komwe.

Za Misa ndi sukulu musazitchulenso. Alipo mabanja amene apongozi ndi mkamwini amadyera pa tebulo limodzi, n'zoona. Koma wothetsa manyazi amenewo ndi mwini wake, pa nthawi yake. Mkamwini sadzuka m'mawa n'kulengeza pabwalo la eni kuti lero mwambo wapita ku tchuthi.

Yambani ndi Trust. Lero lomwe afufute kanemayo pa gulu lija ndi m'foni mwake, ndipo apemphe amene anamulandira achite chimodzimodzi. Kupepesa kwanu sikungamveke pamene nkhope ya apongozi ikuyendabe m'matumba a aphunzitsi.

Kenako pepesani kwa Bernadeta, muli awiri m'nyumba. Musayambe ndi "komatu ine ndimafuna". Muuzeni kuti ananena zoona ndipo inu simunamvere. Iyeyo ndi amene ali pamoto kwambiri: uku mayi ake, uku mwamuna wake, ndipo kumjigo amapita ndi iye, osati inu. Mukatero mufunseni kuti amayi ake angawafike bwanji, ndipo ulendo uno chimene anene muchite.

Kwa apongozi musapite nokha ndi mawu anu ambiriwo, mungakawonjezere mlandu. Tumani ankhoswe anu akaonane ndi a Laisoni, akanene mosazungulira kuti mwana wathu analakwa, anachititsa manyazi amayi pagulu, wazindikira. Nkhuku imene munainyoza ija igulidwe. Aphike ndi mkazi wanu, yathunthu, ziwalo zonse zilipo, apititse yekha m'mbale yovundikira kunyumba kwa amayi ake. Inu nthawi imeneyo mukhale kutali, kaya kukaona mpunga wanu ku Bwanje. Ndipo ndikupempheni: pa tsiku lopepesa, mawu oti chitengwa asatuluke pakamwa pa aliyense wa kwanu. Mukaphatikiza ziwirizi, aNangondo adzaona ngati nkhukuyo ndi yogulira mwana wawo. Nkhaniyo idzadzutsidwe ndi a Laisoni eni ake, kapena ankhoswe anu akadzaona kuti mitima yazizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Baga musaisiye, poti mwaikonda. Ingodziwani anthu ake. Itanani Trust, Mayeso ndi akazi awo ku nyumba yanu ya ku Golomoti, bola milemeyo imve utsi ithawe. Nyama yogaya satsuka, ndipo muuze wokuthandizani asanaigwire, osati atabwera nayo m'beseni. Mlamu wanu anachita zimene amachita ndi nyama iliyonse, musamusungire mangawa. Gulani yokhala ndi mafuta pang'ono, muisunge pozizira mpaka nthawi yowotcha, chifukwa ndi kutentha kwa kunsi kwanuko nyama yogaya siichedwa kuwonongeka. Umbani zopyapyala, zotambalala kuposa banzi, n'kudinikiza kachala pakati kuti zisafufume. Dikirani makala ayere phulusa, malawi atathe. Pakani mafuta pa waya, ndipo wayayo akhale wa mabowo aang'ono. Mukaika pamoto musamaikanikize ndi supuni, mumangotaya msuzi wake. Itembenuzeni pokhapokha mbali yapansi itagwirana bwino, ipse mpaka m'kati musatsale kufiira. Chizi chimabwera pomaliza, n'kuvundikira ndi mbale yachitsulo pang'ono kuti chisungunuke. Ndipo nyama imodzi pa banzi limodzi yakwana, Bambo. Simukumanga chipilala.

Mwina tsiku lina apongozi adzafunsa okha mwana wawo kuti kodi chinthu chija chimakoma bwanji. Zikadzatero, muwotche, Bernadeta adule tizidutswa, avundikire, apite nazo. Akadzabwera ndi mbale yopanda kanthu, musafunse mafunso.

Chenjezo langa ndi ili. Inu mukuganiza kuti aNangondo akwiya chifukwa cha banzi. Mayi amene akupemphedwa chitengwa amakhala ndi funso limodzi lomwe salinena mokweza. Tsiku lija aNangondo anali pakhomo pawo, atachita manyazi anali ndi kothawira, anadzuka n'kulowa m'nyumba mwawo. Koma Bernadeta akadzadwala ku Golomoti, kapena akadzachira mwana wina, mayiyo adzayenera kubwera kudzagona m'nyumba yanu ya malatayo masabata angapo, kutali ndi khitchini yawo. Akudzifunsa kuti, kwa mkamwini ameneyu ine ndizikadyera pati? Loweruka lija munawayankha kuti pabwalo, pamaso pa anzanu. Mukapanda kusintha yankho limenelo, mwana wawo sakupatsani, ndipo ine sindidzawadzudzula.

Aphungu