Msuzi wa zipalapasiro m'nyemba za madamu

Kepitawuni,
Lamulungu masana.

Okondedwa amayi,

Muli bwanji ku Milepako? Bondo lija likuwawabe? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Kalatayi akundilembera ndi a Asiya, oyandikana nawo nyumba, kwawo ndi ku Mbulumbuzi konkuko. Inu mukudziwa kuti cholembera changa chinathera Sitandade 3. Ndiye zina zikamveka zokhotakhota, ndi pakamwa panga, osati dzanja lawo.

Zimene munafunsa kudzera mwa achimwene a Dickson zija, zoti ntchito yatheka kapena ayi, nanenso sindikudziwa. Yatheka koma sinatheke. Dikirani ndifotokoze bwinobwino.

Madamu amene ananditengawa anati andiyesa kaye mwezi umodzi. Ndi munthu wabwino, sakalipa. Koma sadya nyama. Sindikunena mbuzi kapena ng'ombe yokha ayi. Nkhuku sadya, nsomba sadya, dzira ayi, mkaka ayi, ngakhale uchi akuti ndi wa njuchi, tisamazibere. Ndinafunsa ngati ndi mpingo, akuti ayi. Matenda? Ayi. Akuti amangozimvera chisoni nyamazo, ndipo patha zaka khumi ndi ziwiri osalawa. Anandiuza tsiku loyamba lomwe, ine n'kuvomera. Pamenepo sindingakane, ndinamva ndithu.

Ndiye Lachisanu, osati la dzanali koma linalo, kunabwera amayi awo kuchokera kutali, gogo waimvi woyendera ndodo. Madamu anati madzulo ndiphike burito, poti anali atandionetsa kale kawiri. Burito amayi ndi chapati chachikulu chopyapyala, chogula m'pepala. Umachitenthetsa pachiwaya popanda mafuta. Pakati pake umaika mpunga, nyemba zakuda, matimati ndi anyezi zosaphika, chimanga chachiwisi, peyala lokanyakanya lofinyira ndimu, ndi timasamba tina tonunkha ngati nsikidzi. Kenako umapinda uku ndi uku n'kukulunga ngati khanda pachitenje. Basi, chakudya chatha. Amadya atachigwira m'manja ngati mondokwa.

Madamu atapita kukatenga amayi awowo ku bwalo la ndege, ndinatsala ndekha m'khitchini. Nditalawa nyemba zija, aaa, madzi okhaokha. Mchere amati pang'ono, mafuta kasupuni kamodzi. Ndinaima pamenepo chikombe chili m'manja. Inu munatilera kuti mlendo wamkulu sapatsidwa nyemba. Agogo a ku Magomero akabwera, ngakhale chaka cha njala, tambala ankafa. Ndiye ine mwana wanu ndikaike nyemba zosakoma pamaso pa munthu amene anabereka abwana anga? Ndinaona ngati adzati wantchitoyu kwawo kulibe mwambo.

M'chikwama ndinali ndi kakontena ka ndiwo zanga za masana, zipalapasiro, mapazi a nkhuku aja, zimene ndinaphika kunyumba. Ndinadziuza kuti nyama ndi imene munthu amatafuna, msuzi ndi madzi chabe. Ndinasefa ndi kasefa ka tiyi kuti pasagwere kafupa, n'kuthira theka la kapu m'nyemba muja. A Asiya akupukusa mutu apa. Lembani choncho basi achemwali, ndi mmene zinakhalira.

Amayi, anadya. Gogo uja anamaliza awiri, n'kundiitanitsa kukhitchini, kundigwira dzanja. Madamu akuti nyemba zimenezi akhala akuphika zaka zambiri koma sizinakomepo choncho. Anandifunsa kuti ndaikamo chiyani. Ine ndinati moto wochepa basi. Bodza linangotuluka lokha ngati chitsokomolo.

Lolemba nditafika ndinawapeza madamu atagwira pamimba. Akuti kumapeto kwa sabata konse m'mimba simunali bwino, koma akuganiza kuti ndi tsabola. Ndinakolopa pabalaza kawiri osadziwa kuti ndakolopa kale. Kaya ndi msuzi uja, kaya ndi tsaboladi, ine sindine dokotala. Pano ali bwino, ayambanso kuthamanga m'mawa ndi galu wawo.

Koma vuto lenileni nali. Gogo uja anapita kukaona mwana wake wina, adzabweranso Lachisanu lomaliza la mwezi uno, tsiku lomwe kuyesedwa kwanga kukutha. Wapempha burito yemwe uja. Madamu akuti tsikulo sachoka, adzaima pambali panga ndi foni kujambula kuyambira ponyika nyemba mpaka pokulunga, kuti amayi awo azikaphika kwawo. Akuti zikadzakoma ngati tsiku lija ntchito ndi yanga, ndipo kachipinda kakuseri kwa galaja ndidzalowamo. Ananena akuseka. Ine ndinasekanso, koma mano okha.

Ndayesa katatu pa kasitovu kanga kuphika nyemba zomwezo popanda msuzi. Ndakazinga anyezi mpaka kufiira, ndawonjezera adyo, ndaphwanya zina kuti msuzi ugwirane. A Asiya analawa, akuti zili bwino. Koma ine lilime langa likudziwa kuti si zija. Nanga gogo uja, munthu wodya awiri, angalephere kusiyanitsa? Iwo sadziwa kuti chimene anakonda ndi phazi la nkhuku. Ayi, pamenepo musalembe. Chabwino, mwalemba kale, zisiyeni.

Ndikachotsedwa pano sindikudziwa kolowera. Kuno anthu ofuna ntchito amaima pamphambano kuyambira m'mawa, ena ndi akwathu komwe. Azimadamu nawonso amauzana pafoni. Amene anandiyankhulira pa ntchitoyi ndi Chrissy wa kwa azakhali, naye dzina lake lidzada chifukwa cha ine. Ndipo Fiona wanga mwati wayamba kukhoza bwino, aphunzitsi akumutchula. Ndikaganiza zoti abwerere pakhomo posowa fizi chifukwa cha theka la kapu ya msuzi, chakudya sichikutsika. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, munkanena ndinu.

Lero kutchalitchi sindinapite kukalandira Ukalisitiya. Ndinangokhala pabenchi. Sindikudziwa ngati ili ndi tchimo lokaulula kwa ansembe, poti nkhuku Mulungu sanaletse. Koma munthu anandiuza, ine n'kuvomera, kenako n'kumunamiza m'nyumba mwake momwe. Pamenepo ndi pamene pakundiluma. Ine ndinkafuna ulemu basi. Ulemu womwewo.

Pempho langa ndi limodzi. A Lajabu, onyamula katundu amene abweretse kalatayi, akuti anyamuka kumeneko pasanathe sabata kubwerera kuno. Mundisinjireko nsinjiro za mtedza wa m'munda mwathu, zokwana chitini chaching'ono, muwapatsire. Wa kuno ndi wokazinga kale, wamchere, sugwirana. Ndikukumbuka nyemba zanu zotendera, munalibe nyama koma tinkanyambita mbale. Muwafotokozere achimwene a Dickson nthawi imene mumathira nsinjiro, kaya nyemba zitafewa kaya zisanafewe, iwo andiuze pafoni. Mwina zikakoma mwa mtundu wina, gogo uja adzaiwala zoyamba zija. Mtedza sulira, madamu sangaumvere chisoni.

Mundiperekere moni kwa Fiona, mumuuze kuti juzi anandipempha ija ndaiona m'sitolo, ndikuisunga m'maso. Moni kwa achimwene a Dickson ndi alamu anga, amalume a Alufeyo, ndi azakhali a ku Nguludi. Koma nkhaniyi isafike kwa azakhali, mukuwadziwa pakamwa pawo. Bondolo muzilikanda ndi madzi otentha, musamapite nalo kudimba.

Ndatha ine mwana wanu wosowa tulo,
Esnat.

Amayi, tisanamate envelopu a Asiya anena mawu, ndawapempha kuti alembenso pansi pano. Akuti nsinjiro zibwere, sakukana, koma sizingatsuke zimene zinalowa kale m'mimba mwa munthu. Akuti iwo ndi Msilamu, ndipo wina atawathirira msuzi wa nkhumba m'nyemba, ngakhale mwa ulemu wotani, n'kubwera yekha kudzaulula, angamukwiyire sabata yonse, mwina ziwiri, kenako n'kudzadyanso za m'manja mwake. Koma atazitulukira okha, ngakhale madzi akumwa sangalandirenso kwa iye. Akuti mawa ndi Lolemba, takisi ya sikisi koloko tikwerera limodzi, akanditula pageti pa madamu, zotsalazo ndi pakamwa panga.