Chipata cha Kunyanja

Abergwennol
4 Ogasiti 2019

Okondedwa Bambo,

Kodi adalamula ndani kuti ife a kudoko tizifa chaka chilichonse? Inu mwagwa m'sewero la pachipata cha linga lija zaka makumi atatu, a kumtunda atavala za Anomani, asilikali akale a m'lingamo, akukupondani, inu n'kumati mwambo ndi mwambo. Ine ndatopa nazo.

Mukudziwa kuti ntchito yoonetsa alendo lingali ndili nayo mongoyesedwa. Mwezi watha, m'bokosi la makalata akale, ndidapeza chikopa cholembedwa m'Chilatini, chiyankhulo chomwe munkati ndikutaya nacho nthawi ku yunivesite. Bambo, linga lathu “losagonja” lidagonja! Asilikali atatheredwa tirigu, asodzi adadikira madzi aphwe, n'kukwera makwerero a kunyanja, alonda maso ali kumtunda.

Ndidawaonetsa a Meyrick, abwana anga, amene amasewera mkulu wa asilikali. Adati alendo salipira kudzaona linga logonja, ndibweze chikopacho ndisanachidetse.

Tsono ndiulule. Dzulo, sewero lili mkati, ndinatsegula chipata cha kunyanja. Azakhali a Olwen analowa ndi asodzi khumi ndi awiri, matope mpaka m'mawondo, malupanga a mtengo m'manja. Anomani anali kalikiliki kuthira madzi anthu a pachipata chachikulu. A Meyrick potembenuka anangoti kakasi, chisoti chitapendekera.

“Nesta, mwana iwe, ine kufa sindikudziwa kwake,” anatero.

“Gonani pansi, achimwene,” anayankha azakhali. “Ife tidazolowera. Yambani ndi bondo labwinolo.”

Anagonadi, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta, alendo n'kuwomba m'manja mpaka mbalame kuthawa pansanja. Inenso ndinaseka.

Mawa komiti yoyang'anira linga ikumana kuti ione ngati ndikhalebe pantchito. Musadandaule, ndipo musawaimbire foni a Meyrick, ndikukudziwani. Ndikungopempha munditumizire chithunzi chanu chija muli ndi chishango.

Moni kwa achemwali ndi ana. Awuzeni azikuvekani zofunda, kuzizira kwa ku Canada si kwathu kuno. Pamakwerero paja ndinacheuka kawiri, kuyesa muli kumbuyo.

Za komiti sindinathe kudikira. M'mawa uno ndamasulira chikopa chonse, ndasindikiza makope asanu ndi awiri, ndipo ndaponya limodzilimodzi pakhomo la membala aliyense. La a Meyrick ndawapatsa pamanja, pamodzi ndi mafuta opaka msana.

Ndine mwana wanu wosamva,
Nesta