Mbale ya Ukwati Wathu Yaimbanso

Amake Lisa,

Musandifunefune, ndathamangira ku Lirangwe kwa anzanga a Greyson. Makina otsukira mbale za galamafoni amene mkamwini wanu anatumiza kuchokera ku Joni ndawayesa m'mawa uno. Sindinawakhulupirire, ndiye ndinayamba ndi mbale yobwereka kwa a Greyson, kuti ikawonongeka iwonongeke yawo. Koma ayi ndithu, ayamwa fumbi lonse!

Kenako ndatsuka ija tinavina pa ukwati wathu. Kuthetheka kuja ngati chimanga pachiwaya kwatheratu, mawu akumveka ngati oimbawo akhala pakhonde pathu. Ndavina ndekhandekha mpaka ndagunda tebulo, singano n'kuthyoka. A Greyson ali nayo ina, ndikawanyengerera.

Mbale yathuyo ndaiimika pampando kuti iume bwino. Chonde musaiyanike padzuwa pa thandala, ingapindike ngati chikopa, ndipo ina sitingaipezenso. Adzukulu asaikhudze. Madzi amvula a m'ndowa ndamaliza ndine, poti a pamjigo amasiya mchere. Pepani.

Mkamwiniyo musamuuze kuti ndakondwa, angayambe kudzimva. Inu pakani mafuta bondo lanulo, madzulo ano tivina.

Ndine,
Bambo a Lisa